Kabatani ka pafupi ndi dzina lawo

Chaka chimene kampani yathu inabweretsa pulogalamu yolembamo zolinga za ntchito, makiyi ake anandipatsa ine. Tinkagulitsa sopo ndi mafuta ophikira m'timagolosale ta m'makomboni a Makululu, Kamushanga ndi Kasanda. Aliyense ankayenera kulemba m'pulogalamumo zimene wachita pa sabata. Ukalemba, dzina lako linkabiriwira. Ukapanda kulemba, linkafiira. Abwana anali atanena kale kuti ofiira sadzawawonjezera kontirakiti pakutha pa chaka.

M'pulogalamu momwemo munali wothandizira wa AI. Unkangolankhula naye pa foni, iye n'kukulembera lipoti lonse m'Chingerezi chosalala. Abwana sanafune kuti aliyense akhale naye, poti wothandizirayo ankatha kuona zolinga za ofesi yonse. Anati ndizitsegulira okhawo amene apempha pa imelo. Ndisaname, zinandikomera. Ine amene kale ndinkakumbukiridwa pulinta ikafa, tsopano anzanga ankandipatsa moni kawiri pa tsiku. Onse a mu ofesi ndinawatsegulira, ngakhale Chingerezi anali nacho kale chodzaza mkamwa.

Pakati pa ogulitsa athu panali mayi ena achikulire a ku Kasanda, amene bambo awo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito mu mgodi, monganso agogo anga. Ankayenda pa njinga, ndipo panalibe mwini golosale amene sankawadziwa. Katundu ankagulitsa kuposa tonsefe, koma zala zawo ndi foni sizinkamwerana madzi. Lipoti lawo ankapereka pakamwa pa msonkhano wa Lolemba, monga ankachitira kuyambira kale. Koma pulogalamu sikhala nawo pa msonkhano, choncho dzina lawo linkafiira sabata ndi sabata.

Tsiku lina masana analowa mu ofesi mwanga, fumbi lili mbuu m'mapazi, n'kukhala pa mpando wa alendo. Anafunsa za mwendo wa amayi anga umene unkawavuta, anafunsa za mvula. Kenako anati, "Nimvela ati chija chinthu chanu chimamvela na Chinyanja." Ankanena wothandizira wa AI uja.

"Chimamvela, amama," ndinayankha. "Chili clever maningi."

"Oho. Ni chabwino."

Anakhalabe pang'ono akuyang'ana kompyuta yanga, kenako anatsanzika.

Ine si mlendo pa zimenezi. Ndinakula ndikudziwa kuti wamkulu satambasulira mwana dzanja. Amangochitchula chinthucho, n'kukusiyira ulemu woti upereke wekha. Ndinamva bwinobwino. Koma ndinadziuza kuti lamulo likuti imelo, ndipo imelo sinabwere. Mumtima ndinati ndiwafunsa mawa. Mawalo linatha miyezi itatu.

Chaka chikutha, mayina a ochotsedwa anabwera kuchokera kwa akuluakulu a ku Lusaka, anthu amene sanawaonepo mayiwa ali pa njinga. Iwo anangoyang'ana mayina ofiira, ndipo la mayi aja linali pomwepo. Ndinathamangira kwa abwana kukanena kuti mayiwa amagulitsa kuposa aliyense. Anavomereza, koma anati zadutsa kale pamwamba.

Mayi aja anabwera kudzabweza foni ya kampani, ataikulunga m'kansalu. Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa. Ndinati, "Amama, sembe munapempha chabe, sembe ninakutsegulilani."

Anandiyang'ana popanda mkwiyo.

"Ninapempha, mwana wanga. Ninankhala pamene apa."

Analoza mpando uja. Kenako anafunsanso za mwendo wa amayi anga, n'kundiuza kuti ndiziwawiritsira madzi ofunda othowera. Akananditukwana, bwenzi zitandipepukira. Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo, ndipo mpaka lero munthu akangotchula chinthu mu ofesi mwanga, ndimamufunsa ngati akuchifuna.

Atapita, ntchito yanga inali yofufuta dzina lawo m'pulogalamu. Pafupi ndi dzinalo panali kabatani kotsegulira wothandizira uja, kakadali kozima. Ndisanafufute, ndinakadina kamodzi kuti ndingoona. Kanayaka nthawi yomweyo.