Amafunsa Kamodzi Kokha

Abusa atatchula dzina langa kuti ndikakhale miyezi itatu ku Jeremani, paulendo wochezerana ndi mpingo wa kumeneko, ndinati ndiyambe ndapemphera. Ine wolekezera Giredi 7, Chingerezi changa cha pamsika, ndikalankhula chiyani? Amuna anga, a Banda, anati, "Pitani amake Dalitso, nshawa tikumba tokha." Amayi anzanga a mumpingo ku Madzimoyo anandiperekeza ndi mawu amodzi: "Mukatiyimire bwino, musakatichititse manyazi."

Ndinafikira kwa Amayi Helga ndi amuna awo, anthu achikulire, abwino mtima. Tsiku loyamba anandibweretsera mbale ya nyama. Monga mlendo waulemu ndinati, "Zikomo, ndakhuta," kudikira kuti andikakamize. Mbale ija inangobwerera kukhitchini. Mawa lake chimodzimodzi. Kumeneko amafunsa kamodzi kokha.

Masabata awiri ndinakhalira kabuledi ka m'mawa ndi tiyi. Anandiuza kuti firiji ndizitsegula ndekha, koma mlendo angavundukule mphika wa eni? Pafoni ndinkawauza ana kuti zonse zili bwino, kenako n'kugwada m'chipinda: Ambuye, mimba yangayi isalire pagulu. Chitenje chinayamba kundikulira.

Tsiku lina ndinamva Amayi Helga ali pafoni, dzina langa likutulukira pakati pa Chijeremani. Masana kunabwera mayi woyang'anira ulendo wathu, amene anakhalapo ku Zambia ndipo Chinyanja amachiyesera. Anati eni nyumba ali ndi nkhawa, mwina ndikudwala, mwina sindikukondwa nawo. Ngati zili choncho, ndege ilipo sabata yamawa.

M'maso mwanga munabwera nkhope za amayi a ku Madzimoyo, akundiona ndikutsika basi nthawi isanakwane. Ndinalira ngati mwana.

"Sindikudwala ayi, mayi. Ndili ndi njala."

Ndinafotokoza kuti kwathu mlendo amayamba wakana. Mayi uja atawamasulira zonse, Amayi Helga anagwira pakamwa, nawonso misozi mbwembwembwe. Kuyambira pamenepo ankandifunsa katatu, akuwerenga zala, tonse n'kumaseka. Mulungu awadalitse amayi amenewo. Miyezi yanga ndinamaliza.

Nditabwerera, kunyumba anandiphera nkhuku. Mwachizolowezi ndinatenga chipande n'kugawira onse, a Banda ntchafu ziwiri, ana, alendo obwera kudzandiona, mpaka mumphika munatsala msuzi ndi khosi. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Idyani, ine ndakhuta." Palibe anadzutsa mutu. Apa m'pamene ndinaona kuti zaka zonsezi ndine ndimakakamiza ena kudya, koma pakhomo panga pomwe palibe amandifunsa kachiwiri. Si kuuma mtima ayi, ndinawazoloweza ndekha.

Ndinatambasula mbale yanga kwa a Banda.

"Atate ake Dalitso, ndanama. Ndigawireniko ntchafu imodzi."

Anandiyang'ana, dzanja lili m'malere. Kenako anandiikira zonse ziwiri.