Bertina Anapeza Malo, Elsa Anatsala

Bertina anabadwira ku Chidzolomondo, m'banja la alimi a fodya. Mwa ana asanu ndi mmodzi, ndi iye yekha anafika desima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale. Ankaphunzira ku Tsangano, akukhala kwa azakhali ake ogulitsa kachewere pamsika. Chaka chomwe anakhoza mayeso ndi chomwenso anatenga mimba. Mwini mimbayo ankagwira ntchito kuchipatala, ndipo atasamutsidwira kwina anasiya kuyankha foni.

Mwanayo anamutcha Elsa. Kutchalitchi Bertina anamuimitsa kwaya. Kwa zaka ziwiri Bertina ankakhala pamsika, kusankha kachewere wowola m'matumba, mwana ali kumbuyo.

Tsiku lina a Lídia, amene ankamuphunzitsa sayansi, anaima pabenchi pake. Sanagule kanthu.

"Kumzinda kuli univesidade ya mpingo," anatero. "Pa maphunziro a uzamba amatenga anthu makumi atatu okha, olemba amakhala mazana. Ukalembe."

"Ndi mwanayu, aphunzitsi?"

"Pepala la mayeso silifunsa za mwana."

Koma univesidadeyo inkafuna zinthu zitatu: mayeso, kalata ya abusa, ndi kukaonekera pamaso pa akuluakulu. Mayeso sanamuvute. Kalata ndiyo inachedwa. Abusa a Policarpo anamubweza katatu, kachinayi anamupatsa envulopu yomata.

"Ndalemba zoona zokhazokha, mwana wanga. Za Elsa sindinatchule. Iwenso usakadzitchule wekha."

Tsiku loonekera, Bertina anakhala kutsogolo kwa anthu atatu m'chipinda chozizira. Anayankha bwino m'Chipwitikizi. Chakumapeto, mayi wina wa magalasi anafunsa ngati pali munthu amene amadalira iye kunyumba. Bertina anayang'ana manja ake, zikhadabo zidakali ndi dothi la kachewere.

"Ndili ndi mwana wa zaka ziwiri. Sindili pabanja."

Mayi uja analemba kanthu, ndipo panalibenso funso lina. Bertina anakwera shapa, minibasi yobwerera ku Tsangano, ali wotsimikiza kuti wadzitayira yekha mwayi.

Patatha mwezi, a Lídia anabwera ndi foni m'manja. Dzina la Bertina linali pa mndandanda. Pansi pake panali malamulo: ophunzira ochokera kutali onse azigona mkati mwa mpanda, ana saloledwa, kunyumba ndi mu Disembala basi.

Amayi ake a Bertina anabwera kuchokera ku Chidzolomondo kudzatenga mdzukulu. Elsa anali akuyamwabe. Anamuletsa bere m'masiku anayi, pomupakira tsabola. Tsiku lonyamuka, azakhali anapita naye mwanayo kumjigo kuti asaone mayi ake akukwera galimoto.

Ku Chidzolomondo foni imagwira pachulu china kuseri kwa sukulu. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, agogowo ankakwera pachulupo ndi mwana. Miyezi yoyamba Elsa ankalira akamva mawu a mayi ake. Kenako ankangopumira pafoni. Pofika mu Ogasiti ankaikankha n'kuthawira kwa anzake.

Bertina anafika mu Disembala mvula ikugwa, atanyamula nsapato zofiira za mwana. Zinali zazing'ono. Elsa anabisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake n'kufunsa, "Amayi, titiya ameneyu agona kuno?"

"Si azakhali ayi, amenewa ndi amayi ako," anatero agogowo.

Mwanayo anapukusa mutu. Bertina analowa m'chigafa cha fodya n'kukhala pamenepo mpaka mvula inakata.

Lero ali m'chaka chachitatu. Amakhoza bwino, ndipo kuchipatala komwe amaphunzirira ntchito wathandiza kale azimayi ambiri kuchira. Kumudzi anthu amamuloza monyadira. Iye atabwera patchuthi cha Disembala, a Lídia anamupempha kuti adzalankhule ndi atsikana a desima segunda, ndipo anapita. Anawafotokozera za mayeso ndi za kalata ya abusa. Mtsikana wina atafunsa ngati iye ndi wokondwa, Bertina anati chakudya cha ku univesidade n'chabwino.

Elsa tsopano amamudziwa, amamupatsa moni mwaulemu ngati mlendo. Agogo ake ayamba kutupa miyendo, pachulu paja sakweranso kawirikawiri. Kwatsala chaka chimodzi ndi theka kuti Bertina amalize, ndipo m'banjamo palibe amene wanena kuti adzamutenga mwanayo ngati matendawo akula.