Mtolo wa Makungwa a Nthochi

Ntchito yopanga makhadi a Khirisimasi inandipeza pakhomo la tchalitchi, Lamulungu lomaliza la Okutobala, patangotha milungu isanu ndi iwiri tiike m'manda mkazi wanga Esinati. Ndinali nditapuma kale ku fakitale ya tiyi, kumene ndinagwira zaka zambiri m'chipinda chofotetsera masamba, monga anachitira bambo anga atafika kuno ku Honde kuchokera ku Mulanje. Manja anga ankadziwa tsamba la tiyi. Sizasi ndi guluu zinali za Esinati.

Amene anandiimitsa anali Mai Makoni, mayi wa sitolo ya zoluka ndi zosema ku Mutare. Chaka ndi chaka ankabwera kudzatenga makhadi a Esinati kukagulitsa kwa alendo. Atandipepesa za maliro anafunsa ngati m'nyumba munatsala makhadi. Ndinati munalibe.

"Ndiye chaka chino ndidalira Roza yekha," anatero. "Mwamwayi anaphunzira bwino."

Roza ndi mnansi wathu, wa banja lochokera kutsidya kwa Mozambiki. Mwamuna wake amayendetsa thirakitala ku esiteti. Esinati anamuphunzitsa makhadi zaka zitatu pakhonde pathu, ndipo ankaitana Esinati kuti mana, ndiye kuti achemwali, ine n'kumanditi alamu. Ndinalibe naye chifukwa chilichonse. Koma mawu akuti Roza yekha anandibaya, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu.

"Inenso ndipanga."

"Mumadziwa, Sekuru Mbewe?" Kuno agogo amati sekuru.

"Ndinkaona."

Mai Makoni anandiyang'ana kanthawi. "Zvakanaka, chabwino. Makumi atatu. Tikumane kumasitolo a ku Hauna Loweruka loyamba la Disembala."

Masiku amenewo ndinali kuphunzira kukhala ndekha. Ana ali ku Harare ndi ku Joni, ndipo atatha maliro anabwerera. Chovuta kwambiri chinali moto wa m'mawa, chifukwa nkhuni zinkangofuka. Tsiku lina ndinapeza patsindwi la khitchini mtolo wokutidwa ndi saka, wakuda ndi mwaye. Mkati munali zouma zopepuka, ndipo kachidutswa kamodzi kankayatsa moto nthawi yomweyo. M'mawa uliwonse ndinkasolola pang'ono, ndikuthokoza mumtima kuti Esinati anandisiyira zokolezera. Pofika pakati pa Novembala saka linkaoneka lopanda kanthu.

Zida za ntchito zinali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Munali sizasi yaing'ono yosongoka, malezala, botolo la guluu woyera wa akalipentala, kaburashi, pensulo, ndi mapatani. Mapataniwo ndi tizidutswa ta katoni tolimba todulidwa m'maonekedwe a Mariya, Yosefe, mwana m'chodyera, bulu, nyenyezi ndi abusa awiri. Esinati anajambula yekha. M'mphepete mwake munali mutada ndi zala zake. Kuseri kwa kabati kunali mapepala olimba oyererako, thabwa lodulirapo, ndi simbi ya makala.

Khadi limapangidwa motere. Umasenda khungwa louma la kunja kwa thunthu la nthochi, n'kulipala mkati ndi mpeni mpaka litsale lopyapyala. Umalisita ndi simbi yosatentha kwambiri, utaika nyuzipepala pamwamba, kuti liwongoke. Kenako umaika patani, n'kulemba ndi pensulo kumbuyo, n'kudula. Zazikulu umadula ndi sizasi, zala ndi makutu a bulu umadula ndi lezala pathabwa. Khungwa limodzi limakhala ndi mitundu ingapo: lakuda ndi la denga la khola, lofiirira ndi la mkanjo wa Yosefe, loyera ngati mkaka ndi la nkhope ndi nyenyezi. Utoto sugwiritsa ntchito. Guluu umapaka pang'ono ndi kaburashi, n'kutsindira khadi pansi pa chinthu cholemera. Esinati ankatsindira ndi Baibulo lathu lalikulu, inenso ndinachita chimodzimodzi.

Zonsezi ndinaziona ndi maso ndikamabwera kuntchito, Esinati ndi Roza ali pakhonde. Zimene zinkachitika makungwa asanafike pakhonde sindinazifunsepo.

Sabata yoyamba ya Novembala Roza anabwera, mbale ya ndiwo ili m'manja.

"Alamu, ndamva kuti mwalowa kampani yathu," anatero akuseka. "Tizora sinakulumeni?" Sizasi iye amati tizora.

Ndinati sinandilume. Anakhala pa mkeka, n'kufunsa za mapatani. Anati wakhala akutengera pa khadi lakale, koma Mariya wake sakuwerama bwino ngati wa mana. Anangofuna kubwereka tsiku limodzi kuti ajambule ake.

"Sindikudziwa kumene anaika," ndinatero.

Chitini chinali m'chipinda, mikono iwiri kuchokera pamene tinakhala. Ndine munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndimawerenga mawu kutchalitchi, ndipo ndinanama osaphethira.

"Mukapeza mundiuze. Nanga makungwa muli nawo okwanira?"

"Nthochi zadzaza kuseri kuno."

"Ayi, sindikunena zimenezo. Paja mvula yayamba, ndiye..."

"Ndikudziwa, mayi. Ndakhala m'nyumba ya makhadi zaka zambiri kuposa inu."

Anatenga mbale yake ya dzulo, n'kupita.

Lamulungu lotsatira anabwera ndi khadi limodzi kutchalitchi kudzaonetsa amayi a mvano. Ndinali pafupi, ndikupinda mipando. Khadi linayenda dzanja ndi dzanja, ndipo mayi wina wachikulire anati, "Taonani, dzanja la Esinati lenileni. Ngati sanapite." Ena anavomera. Wina anapukuta misozi n'kumukumbatira Roza.

Ndinapinda mpando umodzi kawiri. Ine ndinakhala ndi Esinati zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinamunyamula kupita naye kuchipatala, ndinamugwira dzanja limenelo mpaka linazizira. Tsono dzanjalo akuti lili kwa mnansi. Kwa ine kunatsala nsapato zake ndi chitini. Popemphera madzulo ndinkatchula Roza kuti Mulungu amudalitse, koma mumtima ndinkafuna kuti lezala lake literereke pa khosi la Mariya. Ndikadutsa pa nyumba yake ndinkayang'ana pakhonde kuti ndione wafika pati, ndipo ndikaona mulu wake wakwera, ndinkafika kwathu osafunanso kudya.

Ndinagwira ntchito mwakhama. Mvula ikakata, ndinkapita kuseri kukasenda makungwa amene ankaoneka ouma, n'kuwayanika pakhonde tsiku limodzi, n'kusita. Posita ankatulutsa nthunzi, ine n'kumati ndiye akuuma. Makhadi oyambirira anali oipa, bulu ankaoneka ngati mbuzi. Koma pofika lakhumi manja anazolowera, ndipo ndi mapatani a Esinati, Mariya wanga ankawerama bwino kuposa wa Roza. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri kuposa mmene zinayenera. Kuti makhadi asade, lililonse likangotuluka pansi pa Baibulo ndinkaliika m'kapulasitiki kake n'kumata. Onse ndinawasanja m'katoni ya nsapato, n'kutseka, osatsegulanso.

Loweruka lija ndinavala jekete la kutchalitchi. Ku Hauna kunali piringupiringu, malole akukweza nthochi, makondakitala a makombi akuitanira a ku Mutare. Mai Makoni anali pakhonde la sitolo ina, atayala nsalu patebulo. Roza anali atafika kale.

Anayamba ndi a Roza. Ankatenga limodzi, kuliyang'ana kutsogolo, kulitembenuza, kulinunkhiza, n'kuliika kumanja. Onse anapita kumanja. "Maita basa, Roza," anatero pomuyamikira. Kenako anakoka katoni yanga.

Atangotsegula kapulasitiki koyamba ndinamva fungo ngati la chovala chimene chaiwalika m'ndowa. Mkanjo wa Mariya unali utamera chuku chotuwa. Pepala linali ndi madontho achikasu kuzungulira khola, ndipo mutu wa Yosefe unali utapindika n'kumatuka. Anatsegula lachiwiri, lachitatu, lachisanu. Sanapitirize.

"Sekuru, kudula mwadula bwino, sindinama. Koma awa sindingatenge. Pofika ku Mutare adwalitsa ndi enawa."

Anthu awiri atatu amene ankadikira kombi anasendera kudzaona. Ndinayamba kubweza makhadi m'katoni. Ndinkadikira kuti Roza aseke, ndipo ndikuvomera kuti ndinkafuna aseke, kuti ndipeze pomudera. Iye anatenga limodzi, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo.

"Alamu, munasenda liti makungwawa?"

"Mwezi wathawu."

"M'mvula? Nanga mtolo wa mana munausiyiranji?"

"Mtolo uti?"

"Wa m'saka, patsindwi la khitchini. Tinasenda tonse mu Ogasiti, dzuwa lili phwee, iwo akutsokomola kale. Anasankha okha limodzilimodzi, oyera padera, akuda padera. Timaika pamwamba pa moto kuti chinyontho cha kuno chisalowe. Anati amenewa ndi a Khirisimasi ya chaka chino."

Ndinaona m'maganizo moto wa m'mawa uliwonse, mmene unkayakira bwino.

"Ndinakolezera moto," ndinatero.

Roza anagwira pakamwa. Mai Makoni anayang'ana kumsewu. Palibe amene anaseka.

Ndinanyamula katoni n'kuyamba kuyenda wapansi, ngakhale kwathu ndi kutali ndipo kombi inalipo. Njira imadutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndipo othyola anali m'mizere ndi madengu kumsana. Ena anandipatsa moni, sindikudziwa ngati ndinayankha. Ntchito yomaliza ya manja a mkazi wanga ndinaiphikira tiyi milungu isanu ndi umodzi. Munthu mmodzi yekha ankadziwa, ndipo anayesa kundiuza pakhonde panga, ine n'kumudula mawu chifukwa sindinkafuna kuti adziwe za Esinati zimene ine sindidziwa.

Nditafika ndinalowa m'khitchini n'kutsitsa saka lija. Pansi pake panatsala tizidutswa titatu toyera, tosalala, topalidwa kale. Ndinakhala nato pampando mpaka dzuwa linapendeka. Kenako ndinatenga chitini pansi pa bedi n'kupita kwa Roza. Ndinamupeza ndi mwamuna wake panja, akusenda chinangwa.

"Mapatani aja ndi awa," ndinatero. "Sanasowe. Ndinakunamizani."

"Ndinkadziwa, alamu. Mariya wa pa makhadi anu ndinamuzindikira. Ngakhale tsiku lija ndinadziwa, chifukwa mana sankasuntha chitini chimenechi."

"Bwanji simunanene?"

"Munali ndi maliro."

Mwamuna wake anandikokera mpando. Roza analowa m'khitchini n'kutuluka ndi saka lake. Anati mu Ogasiti muja iye ndi Esinati anagawana makungwa pakati, ndipo ake anatsalako. Anatinso Mai Makoni anamuuza kuti ngati pangapezeke ena, titumize pa kombi ya Loweruka lotsatira.

Sabata imeneyo tinagwirira pakhonde pawo, mwamuna wake akukonza wailesi pambali n'kumatiseka kuti fakitale yatsopano yatsegulidwa ku Honde. Makhadi anga onse tinataya, mapepala omwe. Roza anandionetsa kuyesa khungwa: ukalipinda pafupi ndi khutu, louma limalira ngati pepala, lachinyontho limangokhala chete. Anandiletsa pulasitiki mpaka khadi litagona masiku atatu pamalo opita mphepo. Tinagawana ntchito. Iye ankadula Mariya ndi mwana, ine Yosefe, bulu ndi denga. Tinakwanitsa khumi ndi asanu ndi atatu. Pa atatu mwa amenewo nyenyezi ndinadula kuchokera ku tizidutswa tija ta pansi pa saka, ndipo limodzi sindinatumize. Lili m'Baibulo.

Papita Khirisimasi zinayi tsopano. Amene akufuna kuyamba ntchitoyi adziwe kuti khadi la Disembala limayamba mu Ogasiti. Senda makungwa dzuwa lisanathe, sunga pouma, ndipo usatsekere m'pulasitiki chinthu chimene sichinaume. Komanso amene anaphunzira kwa mwini ntchito akayamba kulankhula, umusiye amalize, ngakhale mtima ukuwawa.

Nsanje sinatheretu, ndisaname. Amayi kutchalitchi amanenabe kuti Roza ali ndi dzanja la Esinati, ndipo za Yosefe wanga palibe amene amatchula. Ndikamva zimandiwawabe, ndipo ndimapita nazo kwa Mulungu monga mmene ndimapitira ndi bondo langa lowawali. Koma amanena zoona. Mariya wa Roza amawerama ngati mmene Esinati ankaweramira pa mwana wathu woyamba, ndipo ine ndi patani yomweyo sindinafikepo pamenepo. Chija ndinkati wanga akuposa, anali maso anga okha.

Ogasiti aliyense ndimasenda makungwa ndekha, n'kusankha oyera padera, akuda padera. Saka ndimapachika pamalo omwe aja, patsindwi la khitchini, ndipo ndimamanga ndi duku lofiira la Esinati kuti mwana kapena mlendo asalikhudze. Moto ndinaphunzira kukoleza ndi zitsononkho.