Bambo Anga ndi Mafumu Achituluki a ku Perisiya

Maso a bambo anga atachita ng'ala, ntchito yowawerengera inagwera ine. Ndinali nditangobwerera kwathu kwa Chiwalo banja langa litatha, zaka zija matipate atangoyamba kumene. Bambo anali mphunzitsi wopuma, ndipo m'nyumba munali buku lachingerezi lothothoka chikuto limene anabwera nalo popuma ntchito. Linkafotokoza mbiri ya dziko la Perisiya.

Ndikaweruka kumunda tinkakhala pakhonde, ine n'kumawerenga mokakamira, iwo akundikonza katchulidwe. Gawo limene ankalikonda linali la Atuluki, anthu oweta ziweto ndi okwera akavalo amene analowa m'dzikomo kuchokera kumpoto chakum'mawa. Ena anayamba ngati asilikali a eni dziko, kenako analanda ufumu. Banja lina lachifumu likagwa, pankalowa linanso la Atuluki omwewo, zaka mazanamazana. Mlimi wachiperisiya ankangopereka msonkho kwa aliyense amene wakhala pampando, nthawi zina ziweto za obwerawo zikudya m'munda mwake.

Chimene chinkawasowetsa mtendere bambo n'chakuti mafumuwo sakanatha kulamulira okha. Alembi ndi nduna zawo zambiri anali Aperisi. Makalata a kunyumba yachifumu ankalembedwa m'Chiperisiya, alakatuli otamanda mfumu ankalakatula m'Chiperisiya, ndipo ana a mafumuwo anakula akuchinyadira. Tikafika pamenepo ankandiuza kuti ndibwereze.

Tsiku lina anati, "Aperisiwa analandidwa dziko, koma chilankhulo chawo chinatsala. Ife palibe anatibwerera ndi lupanga. Tinangochita manyazi."

Ankanena za Chilomwe. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo iwo anakula akuchilankhula, koma anafe sanafune kuti tichidziwe. Ankati mwana wolankhula Chilomwe anzake amamuseka kusukulu. Ine ndinkangodziwa moni ndi timawu tothamangitsira mbuzi. Ndinawapempha kuti ayambe kundiphunzitsa. Anaseka, nati tidzayamba tikakolola nandolo.

Nandolo asanaume, bambo anagwa akuchokera kubafa. Ine ndi mchimwene wanga tinawakweza panjinga, wina akukankha wina akuwagwirira, mpaka pamsewu pomwe tinapeza galimoto yopita kuchipatala. Madokotala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka. Atayambanso kulankhula, Chichewa chinali chitawachokera, Chingerezi chimodzimodzi. Chinatsala Chilomwe chokha.

Titabwerera kunyumba, ankandigwira mkono ndi dzanja lamoyolo n'kumalankhula, maso ali pa ine ngakhale sankandiona bwino. Ndikabweretsa madzi ankawakankha. Ndikabweretsa bulangete ankapukusa mutu. Ndinkayesa phala, kuwatembenuza, kutsegula zenera, mpaka iwo ankangotopa, misozi ikutsikira m'khutu. Ndinayesa kuwawerengera bukulo, koma anatembenukira kukhoma, ndipo sindikudziwa ngati ankamva. Anansi odziwa Chilomwe ankabwera, n'kumvetsera, n'kunena kuti lilime lalemera, mawu sakutuluka bwino.

Tinatuma uthenga kwa Nazombe kuti azakhali, achemwali awo a bambo, abwere. Anafika pakabaza atatopa, nawonso makutu atayamba kugontha. Anagwada pamphasa, khutu lili pakamwa pa mlongo wawo, ndipo bambo analankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse. Azakhali ankangovomera.

Titatuluka panja ndinawafunsa zomwe bambo ananena.

"Zambiri, mwanangu," anatero. "Dzina lako ndalimva kangapo. Zinazo sindinagwire."

Ndinawachonderera kuti alowenso. Analowa, koma bambo anali atagona. M'mawa mwake anayesanso, osaphula kanthu, ndipo azakhali anabwerera kwawo chifukwa anasiya wodwala wina pakhomo.

Bambo anakhala miyezi ingapo akundilankhulabe. Ndinazolowera kukhala pambali pawo n'kumayankha kuti "Ee, bambo" pa chilichonse, osadziwa chimene ndikuvomera. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, anthu ali kalikiliki kubzala chimanga.