Miyala ya pamtunda wa a Ransbottom

Kwathu kuno ku Greenbrier palibe amene sawadziwa mayi Delphia Cutlip. Theka la anthu a m'chigwa chino anapita kusukulu pa basi yachikasu imene iwo ankayendetsa, ndipo enawo analawako ukali wa pakamwa pawo. Atapuma pantchito tinkati agwira zosokasoka ngati anzawo. Ayi ndithu, mayiwa anayamba kusaka akufa.

Amene ankamufuna ndi kholo lawo, Barnabas Cutlip, yemwe anadutsa mapiri ano dzikoli likadali m'manja mwa mfumu ya ku Mangalande, n'kumanga kanyumba ka mitengo m'nkhalango momwe anthu a mtundu wa Shawnee ankasakamo nyama. Dzina lake ankalidziwa, la mkazi wake Keziah ankalidziwanso, koma manda osadziwika. Mapepala akale anapsera limodzi ndi nyumba ya boma kalekale. Choncho mayi Delphia anayenda manda onse a m'matchalitchi, kukwecha miyala ndi burashi mpaka zala kuchita matuza. Mlongo wawo Lonnie ndiye ankawayendetsa pa galimoto, uku akung'ung'udza.

"Achemwali, munthuyu anathawa anthu ali moyo. Ndiye mukuganiza kuti lero akufuna alendo?"

"Yendetsa galimoto, iwe. Ukanakhala wanzeru bwenzi uli ndi mano."

Malo amodzi okha ndi amene sanapondeko: mtunda wa a Hoyt Ransbottom. A kwa Cutlip ndi a kwa Ransbottom sankapatsana moni kuyambira nthawi ya agogo awo, nkhani yake ya nkhumba ya a kwa Cutlip imene inalowa m'munda wa chimanga wa a kwa Ransbottom osabwererako. Nkhumbayo inadyedwa, odyawo anafa, koma mkwiyo unatsala. Ndife otero anthu akuno, ndipo sindikunyadira.

Kenaka kunamveka kuti a Hoyt agulitsa mitengo ya pamtundapo, ndipo matope a m'njira akangouma mathirakitala akwera. Mayi Delphia mtima unawawa. Ngati Barnabas anagona kumeneko, zitsulo zimupondaponda ndipo sadzapezekanso. Anazungulirazungulira m'khitchini, kenaka anaphika chikondamoyo, n'kuchikulunga m'nsalu, ulendo wapansi.

Anakapeza a Hoyt ali pakhonde, nkhalamba yowonda, mawondo atakutidwa bulangete. Mkazi wawo anamwalira kale, ana ali kutali kumizinda.

"Mwasochera, mayi Cutlip?"

"Sindinasochere. Ndabwera kudzapempha, ndipo musandivutitse, pakamwa panga sipanazolowere."

A Hoyt anasuzumira m'nsalumo, n'kunyema kachidutswa. "Chauma. Koma nenani."

A Hoyt anamvetsera nkhani yonse. Anatenga ndodo ndi chipewa, n'kuloza njira ndi chibwano. Anakwera pang'onopang'ono, kupumira pamtengo uliwonse, mpaka anafika pamalo pamene mitengo inamangidwa nsalu zofiira kuzungulira. M'katimo munali moyera, mosesedwa bwino. Timaluwa tofiirira toyanga pansi, timene akale ankabzala pamanda, tinali titakuta ponseponse. Pakati pake panali miyala wamba ya kumunda, yoimikidwa iwiriiwiri, wina kumutu wina kumiyendo, yonse yoyang'ana kotulukira dzuwa.

"Nsaluzi ndamanga ndine, odula mitengo asayandikire," anatero a Hoyt. "Gwadani apo, mawondo anu akadali ndi ntchito."

Mayi Delphia anagwada. Pamwala wina panali zilembo zokhotakhota, zogoba ndi msomali kapena nsonga ya mpeni: B CUTLIP. Pambali pake panali mwala wina wokhala ndi K yekha, ndiponso timiyala titatu tating'ono, ta ana amene palibe anawauzapo kuti anabadwa. Mayi amene sanalirepo ngakhale pamaliro a amuna awo analira ngati mwana.

"Inu mumadziwa nthawi yonseyi?"

"Nanga munafunsa? Kuno ukagula malo, wagula ndi akufa ake omwe. Mwezi wa Meyi uliwonse, Lamulungu lokonza manda, tikamaliza athu kutchalitchi, bambo ankatikweza kuno ndi makasu. Ngakhale chaka cha nkhumba chija, agogo anakwera. Ankatukwana a Cutlip njira yonse, koma analambula."

Mayi Delphia anaseka misozi ili m'masaya. Manyazi anawagwira, koma kuthokoza kunaposa. Zaka zonsezo iwo ankatembenuzira nkhope kumbali akakumana ndi munthuyu kusitolo, pamene iye ankazula udzu pamutu pa makolo awo.

"A Hoyt, ndilibe mawu. Zikomo. Ndikubwezereni chiyani?"

Nkhalambayo inapita kuseri kwa mtengo wa mkungudza, n'kutulutsa khasu la mpini wakuda ndi manja a anthu ambiri.

"Chaka chatha ndinakwera chokwawa, ndipo ndinkaopa kuti ndikafa awa atsala okha. Bambo ankati eni ake adzabwera tsiku lina. Mwachedwa, Delphia, koma tengani."

Meyi wotsatira mayi Delphia anakwera ndi Lonnie, adzukulu, madengu a nkhuku yokazinga ndi maluwa. A Hoyt ananyamulidwa pampando, anyamata a kwa Cutlip awiri uku awiri uku, iwo akuwakalipira njira yonse kuti akuwagwedeza. Atamaliza kwa Barnabas, mayi Delphia anatsikira kutchalitchi ndi khasu lija, n'kuyamba kulambula manda a kwa Ransbottom, kuyambira pa agogo amene anadya nkhumba aja.