Wopumitsa mafayilo pantchito

Aneba athu anapuma pantchito ya boma, koma boma silinapume mwa iwo. Amakonza makompyuta pakhonde atavala tayi, ndipo iliyonse amayamba aifunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani?" Amati kompyuta ndi ofesi basi: zipinda mbwee, koma onse amapanikizana pakhomo.

Tsiku lina mayi wamasiye anabwera ndi laputopu ya malemu amuna awo. Inkakana kulandira pulogalamu yatsopano yoidzutsa, ati malo achepa. Mayiwo ankaopa kuti kupeza malo ndiye kufufuta zithunzi za malemuwo.

"Alamu, zithunzi zili kuchipinda, sitizikhudza," anatero aneba. "Padzaza ndi pakhomo, pamene makinawa amayambira akamadzuka. Pali mafayilo akale, ntchito anamaliza kalekale, koma pampando sakuchokapo."

"Ndiye muwataya?"

"Kutaya ayi, boma silitaya munthu. Tiwapumitsa."

Anawasamutsira pa fulashi n'kuyatsanso makinawo. Pulogalamu ija inalowa bwinobwino, nkhope ya malemu n'kutulukira ikumwetulira. Mayi anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Inenso anandichotsa chonchi," anatero aneba, akuwongola tayi. "Ndikumva kuti ofesi ikuyendabe. Komatu inenso ndikuyendabe."