Windo la a Chala

Bambo anga anthu ankawatchula kuti a Chala. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa pa zaka makumi anayi zimene anapala matabwa sanagwirepo kope. Munthu akabwera kudzapangitsa tebulo, bambo ankatambasula tepi, kenako n'kupita pawindo la shedi, lomwe linali mbuu ndi fumbi la matabwa, n'kulemba manambala pagalasi ndi chala. Ntchito ikatha ankafufuta ndi chikhatho. Ndiye lamulo la m'shedimo linali limodzi basi: nambala imene ili pawindo ndi ntchito imene sinathe, usaikhudze. Ine mwana wawo wamkazi ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu, ndipo lamuloli ndinkalidziwa ngati dzina langa.

Anali munthu wa nthabwala, koma wamakani zedi. Chotchinga kukamwa ankachivala pachipumi, ati chimawalepheretsa kuimba mluzu. Amayi ankati iwo anakwatiwa ndi thumba la utuchi, poti utuchiwo unkapezeka m'nsidze, m'makutu, mpaka m'bulangete. Amayi atamwalira mluzu uja unatha, m'malo mwake munalowa chifuwa.

Patapita zaka ziwiri adokotala anationetsa chithunzi cha mapapo awo, n'kunena mosapita m'mbali kuti akalowanso m'fumbi ndiye kuti akudzikumbira manda. Bambo anakhala pakhonde miyezi inayi, manja ali pamaondo, akungofota. Ndinaona kuti khonde liwapha msanga kuposa mapapo. Ndinabwerera kwa adokotala kukafunsa ngati angalowe m'shedi mopanda fumbi. Anati ola limodzi kapena awiri patsiku, atakhala pansi, palibe vuto. Ine mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri.

Ndinagulitsa zimene ndinagulitsa, makina anabwera: sowo yamagetsi, pulena yamagetsi, ndi chimakina choyamwa fumbi, chimgolo chachitali chokhala ndi mapaipi opita ku makina aliwonse. Abale inu! Thabwa limene ndinkatuluka nalo thukuta m'mawa wonse linangolowa uku n'kutuluka uko lili see, ndipo utuchi sunagwe pansi ngakhale wodzaza supuni. Unkangothamanga m'paipi, waa, n'kukagwera m'thumba. Mmisiri amene anadzalumikiza makinawo anandisiyiranso paipi yofewa yogwira pamanja, yoyeretsera m'makona.

Paipi imeneyo ndi imene inandipengetsa. Ndinayamwa kudenga, m'mashelefu, pansi pa benchi, ndikuimba ndekha. Kenako ndinafika pawindo. Galasi la pansi kumanzere linali lotchingidwa ndi kachidutswa ka pulayiwudi. Nditakachotsa ndinaona manambala atatu. Ndinawaona ndithu, sindinama. Ndinangoti aa, zakalekale izi, paipi n'kudutsapo kamodzi. Kuwala kunalowa m'shedimo ngati tachotsa denga, ine n'kuvina.

M'mawa mwake ndinawatenga bambo. Anaima pakhomo atagwira ndodo, akununkhiza.

“Kodi wandibweretsa kuchipatala china?” anafunsa.

“Lowani, bambo, ndi shedi yanu yomwe ija.”

Ndinayatsa pulena n'kuwapatsa thabwa limene linatuluka. Analisisita ndi chikhatho, kuliyang'ana cham'mbali diso limodzi atatsinzina, kufunafuna poti anyoze. Sanapapeze.

“Chimenechi chichotsa anthu ntchito,” anatero. Kenako analoza chimgolo chija. “Nanga chadyera ichi, chakudya changa cha zaka makumi anayi chikumeza chokha?”

Anaseka. Chimwalirire amayi ndinali ndisanamve kuseka kumeneko. Anakhala pampando mphindi makumi awiri osatsokomola, ine ndikuwerenga mumtima, misozi ili lengelenge. Ndinati basi ndawabweza bambo anga.

Atatero anatenga tepi, kuyeza thabwa lija, n'kudzuka kupita pawindo monga mwa masiku onse, chala chili m'mwamba. Chalacho chinagunda galasi loyera, chinatsetsereka osasiya kanthu. Anayang'ana pansi kumanzere. Kapulayiwudi kaja ndinali nditakaimika bwinobwino pakhoma.

“Apa panali manambala,” anatero motsitsa mawu.

“Anali akalekale, bambo. Ndimayesa kasitomala wake anaiwala.”

“Analemba ndi mayi ako.”

Anandifotokozera ali chiimire, osandiyang'ana. Msana wa amayi utavuta, bambo anaganiza zowapangira mpando woti azikhala osamva kupweteka. Tsiku lina Lamlungu, ine kulibe, anawabweretsa m'shedi, kuwakhazika pabokosi, n'kuyeza kuyambira pansi kufika pabondo, pabondo kufika kumsana, kumsana kufika m'khosi. Amayi ankaseka, ati tepi ikuwagirigisha. Pomaliza anati, “Lero mlembi ndine,” anadzikoka mpaka pawindo n'kulemba okha. Patangotha milungu itatu anagonekedwa m'chipatala, bambo asanadule ndi thabwa limodzi lomwe. Ndiye anatchingapo ndi kapulayiwudi kuti fumbi latsopano lisakwirire.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti pa manambala aja panali seveni wodula pakati. Bambo sankalemba seveni wotero. Ankalemba choncho ndi amayi, pamakalata onse amene ankanditumizira ndili kusukulu. Ndinakhala pansi pa simenti yoyera ija n'kulira ngati mwana.

“Bambo, ndikhululukireni. Manambalawo mukuwakumbukira? Tiupange mpandowo, ndi makinawa mawa lomwe utha.”

“Ndikuwakumbukira onse,” anayankha. “Akhalepo ndani?”

Sanandikalipire, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipweteka mpaka lero. Bola akanandilalatira. Anangondigwira paphewa n'kunena kuti, “Makina abwino awa, mwana wanga. Iwe sudzatsokomola ngati ine. Wachita bwino.” Kenako anapempha kuti ndiwaperekeze kunyumba.

M'shedi sanalowemonso. Ndinawanyengerera, ndinatuma ngakhale makasitomala awo akale, iwo ankangoti mawa. Tinawaika m'manda patatha miyezi isanu. Adokotala anati ndi mapapo, ndipo ine sinditsutsa, koma ndikudziwa tsiku limene bambo anasiya kulimbana nawo.

Makinawo akugwirabe ntchito, sanandivutitsepo. Ndinagula kope, ndimalemba ndi pensulo ngati anthu ena onse. Galasi la pansi kumanzere lokha ndinaleka kulipukuta, koma chimgolo chija n'chakhama kwambiri, moti chaka chatha tsopano ndipo fumbi limene lagwerapo silokwanira kulembapo nambala ngakhale imodzi.